Mmene mungalembere mbiri yachitetezo ya agogo kapena wachibale waulumali kuti olandira mafoni angozi aziiona

Agogo akagwa m'bafa pakati pa usiku n'kuimba foni ya ngozi, munthu amene amayankha sadziwa kanthu kalikonse za iwo. Sadziwa kuti samva bwino, kuti chitseko chakumaso chinasiya kutseguka ndipo aliyense amalowera kuseri, kapena kuti amamwa mankhwala osungunula magazi. Zonsezi ayenera kuzifunsa chimodzichimodzi, kwinaku woimbayo akubuula, mwinanso mawu osatuluka n'komwe. Mbiri yachitetezo ndi fomu imene mumalemba mwa kufuna kwanu kukadali bata, kuti foni ikangolowa wolandirayo aione pakompyuta yake n'kudziwitsa a ambulansi, ozimitsa moto kapena apolisi asanafike pakhomo.

Mabanja ambiri amaphonya pawiri. Ena amathiramo mbiri yonse ya kuchipatala, kuyambira opaleshoni ya kalekale, mpaka mfundo yopulumutsa moyo imamira pakati pa zinazo. Ena amalemba bwinobwino, koma nambala ya foni imene alembetsa si imene mwiniwake amaimbira. Polemba muzikumbukira kuti wowerenga fomuyi si dokotala wa agogo anu. Ndi mlendo amene ali ndi mphindi imodzi yokha, ndipo anzake ali pamsewu kufunafuna nyumba imene sanaionepo.

Zimene muyenera kukhala nazo pafupi

- Mabotolo ndi mapaketi onse a mankhwala amene akumwa panopa. Atoleni m'nyumba monse, musalembe zapamtima.
- Khadi kapena kabuku ka kuchipatala.
- Mafoni onse a m'nyumbamo, kuphatikizapo ya waya ngati ilipo, ndi kafoni kakale kamabatani kaja.
- Chithunzi cha nkhope chojambulidwa chaka chino.
- Mayina ndi manambala a anthu awiri kapena atatu oti aimbiridwe.
- Imelo imene mumaitsegula kawirikawiri, ndi foni kapena kompyuta yokhala ndi intaneti.
- Pepala, cholembera chakuda, kabotolo kapulasitiki kotseka kapena envelopu yosalowa madzi.
- Mwiniwake wa mbiriyo, ali maso komanso asanatope, ndi ola limodzi lopanda zosokoneza.

1. Fufuzani ndondomeko imene ikugwira ntchito kumene munthuyo amakhala

Ndondomekozi zimasiyana dziko ndi dziko, ngakhalenso mzinda ndi mzinda. Ku United States madera ambiri amagwiritsa ntchito Smart911, imene inayambitsidwa ndi kampani ya Rave Mobile Safety. Kulembetsa n'kwaulere, koma mbiriyo imaoneka pokhapokha ngati malo olandirira mafoni a 911 (nambala ya ngozi ya kumeneko) a dera limenelo analowa m'ndondomekoyi. M'madera ena mulibe Smart911 koma apolisi kapena ozimitsa moto ali ndi fomu yawoyawo yapapepala, imene amailumikiza ku adiresi ya nyumba. Ku United Kingdom zinthu zinagawikana: pali kulembetsa kuti munthu azitumiza meseji ku nambala ya ngozi ya 999, pali fomu ya Herbert Protocol ya anthu a matenda oiwalaiwala, ndiponso kaundula wotchedwa Priority Services Register wa makampani a magetsi, gasi ndi madzi, wothandiza amene moyo wawo umadalira makina pamene magetsi azima.

Imbani nambala wamba ya ofesi ya apolisi, ozimitsa moto kapena a ambulansi a deralo, mufunse mafunso atatu: kodi muli ndi kaundula wa okalamba ndi aulumali, mbiriyo imalumikizidwa ku nambala ya foni kapena ku adiresi, ndipo imatha mphamvu pakapita nthawi yaitali bwanji? Funso lachiwirilo ndi limene limatsogolera zonse zotsatira.

Chenjezo: musaimbe nambala ya ngozi yeniyeniyo pofuna kufunsa zimenezi. Ndipo akakuuzani kuti kaundula kulibe, musataye mtima n'kusiya. Lembani mbiriyo chimodzimodzi, kenako pitani pa sitepe 9.

2. Pemphani chilolezo kwa mwiniwake

Matenda a munthu ndi chinsinsi chake, ngakhale akhale mayi anu okubalani. Khalani nawo pansi muwauze zimene mukufuna kulemba, amene adzazione ndi nthawi imene adzazionere. Mu Smart911, mwachitsanzo, mbiri imaonekera kwa wolandira foni pamene nambala yolembetsedwayo yaimba 911. Achikulire ambiri akamva zimenezi mtima umakhala m'malo, chifukwa chimene amaopa n'choti matenda awo amveka kwa aliyense, kapena kuti fomuyi ndi chiyambi chowachotsa m'nyumba mwawo.

Musayambe ndi mawu akuti "Amayi, mwakalamba tsopano." Nkhani ithera pomwepo. Yambani ndi funso lakuti, "Mutadwala usiku ine kulibe, mungafune kuti a ambulansi adziwe chiyani asanalowe?" Mudzadabwa kuti ayankha zinthu zimene inu simukanaziganiza, monga zoti asawanyamulire mbali ya chiuno chimene chinachitidwa opaleshoni. Akakana kuti matenda enaake alembedwe, asiyeni, lembani zimene avomera. Ngati munthuyo sangathenso kupanga yekha chisankho, alembe ndi amene lamulo linamupatsa udindo womuyang'anira.

3. Lembetsani nambala ya foni iliyonse imene ingaimbe

Apa ndi pamene ndinagwa ine. Ndinalembera bambo anga mbiri yokongola, zonse zili m'malo mwake, n'kulembetsa foni yatsopano imene ndinawagulira. Patapita miyezi ndinaipeza foniyo m'dilowa, batire litatheratu, idakali ndi kapulasitiki kake pagalasi. Iwo ankaimbira kafoni kawo kakale kamabatani akuluakulu, kamene nambala yake sinali pafomu. Akanaimba pangozi, pakompyuta ya wolandira foni sipakanatuluka kanthu.

Choncho funsani kuti, "Mukadzidzimuka mumagwira foni iti?" Lembetsani imeneyo poyamba, kenako ya m'nyumba, ya mwamuna kapena mkazi wawo, ndi ya wowasamalira amene amagona komweko. Ndondomeko zapaintaneti zimatsimikizira nambala pokuimbirani kapena kukutumizirani meseji, n'chifukwa chake mafoni onse ayenera kukhala pathebulo pamene mukulemba.

Chenjezo: nambala imene simunamalize kuitsimikizira ili ngati simunailembe.

4. Fotokozani njira yofikira panyumba ndi yolowera

Gawo ili anthu amalidumpha chifukwa amaona ngati adiresi ndi yokwanira. Sikokwanira. Foni ya m'manja imatha kusonyeza pamene munthu ali, koma siuza a ambulansi chitseko choti agogode, ndipo m'nyumba zosanjikizana kupeza chipinda chenicheni kumadya nthawi. Tulukani panja usiku wina, muime pamsewu, muyang'ane nyumbayo ngati simunaionepo. Nambala ya nyumba ikuoneka? Geti limatsegulidwa bwanji? Pakhomo pali nyali?

Lembani ziganizo zifupizifupi, zoti munthu angaziwerengere mnzake pa wailesi ya m'galimoto:

"Loweran​i chitseko chakuseri, chakumaso n'chokhoma. Chipinda chogona ndi chachiwiri kumanzere. Masitepe ndi opapatiza, machira sangakhote. Muli galu mmodzi, amauwa koma saluma, dzina lake Tiger."

Dzina la galu musaliseke. Galu amene akuteteza mbuye wake wagwa pansi angathe kuimitsa anthu pakhomo, ndipo kumutchula dzina kumathandiza.

Nkhani ya makiyi ndi yofunika kuilingalira mofatsa. Munthu amene wagwa sangadzuke kukatsegula, ndipo opereka thandizo akapeza potseka amayenera kuthyola chitseko kapena kudikira amene angathyole. Njira yabwino ndi kabokosi ka makiyi kotsegula ndi manambala, kokhomeredwa pakhoma pamalo osaonekera kumsewu. Lembani pafomu pamene kali ndi manambala ake. Kubisa kiyi pansi pa mphasa ya pakhomo kapena m'mphika wa maluwa ndi kumene wakuba aliyense amayambira kuyang'ana.

Onjezani pamene pali potsekera magetsi, gasi ndi madzi.

5. Lembani za thanzi zokhazo zimene zimasintha chochita

Pa mfundo iliyonse dzifunseni: wa ambulansi akadziwa ichi, achita mosiyana? Ngati yankho ndi ayi, chisiyeni m'kabuku ka kuchipatala.

Zoyenera kukhala pamwamba penipeni ndi mankhwala kapena zinthu zimene zimawawenga, ndipo munene chimene chimachitika, kaya ndi zidzolo chabe kapena kutupa pakhosi mpaka kubanika. Kenako mankhwala osungunula magazi monga warfarin, chifukwa munthu womwa amenewa akamenyetsa mutu angathe kukha magazi mkati mwa mutu ngakhale kunja kukuoneka bwino. Matenda a shuga, makamaka ngati amabaya insulini: shuga akatsika kwambiri munthu amadzandira, amalankhula zosamveka, nthawi zina amalusa, ndipo wosadziwa angaganize kuti waledzera. Khunyu, ndi mmene kugwa kwake kumakhalira komanso mphindi zimene kumatenga. Kachipangizo kothandiza mtima kugunda kamene anaika m'chifuwa. Kusefedwa magazi pamakina chifukwa cha impso, ndi masiku ake. Masilinda a okosijeni, ndi chipinda chimene ali, chifukwa okosijeni amakoleza moto ndipo ozimitsa moto ayenera kudziwa asanalowe. Makina alionse amene akazima magetsi munthuyo ali pangozi.

Pali chinthu china chimene mafomu ambiri alibe malo ake, koma ine ndimati chilembeni ndithu pa bokosi la zina ndi zina: mmene munthuyo amakhalira tsiku labwinobwino. Ngati anadwalapo sitiroko ndipo pakamwa panapotoka kuyambira kale, nenani kuti ndi zakale, kumanja kapena kumanzere. Ngati ali ndi zaka 88 koma mutu wawo ndi wakuthwa, amawerenga okha ndalama ndi kukumbukira tsiku, nenaninso. Mlendo akapeza wokalamba wosokonezeka amatha kuganiza kuti ndi ukalamba basi, pamene kwa munthu ameneyu kusokonezekako kwayamba lero ndipo ndi chizindikiro cha sitiroko, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga.

Dzina la mankhwala likopereni kuchokera pabotolo, chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi mlingo wake. "Kapilisi koyera ka mtima" sikathandiza munthu.

Chenjezo: ngati munthuyo ali ndi chikalata chokana kudzutsidwa mtima ukaima, kungochitchula pafomu sikulowa m'malo mwa chikalatacho. Lembani pamene pepala lenileni losainidwa lili, ndipo likhale poti lingapezeke msanga.

6. Nenani mmene angalankhulire nawo ndi mmene angawanyamulire

Mawu akuti "ndi wolumala" sauza munthu chochita. Lembani chochitacho. Kwa amene samva: "Sadzamva kugogoda kapena kuitana. Aimireni kutsogolo kuti aone milomo, kapena lembani papepala. Amalankhula chinenero chamanja." Mfundo imeneyi ndi yaikulu makamaka kwa apolisi, chifukwa munthu amene sakumva lamulo amaoneka ngati akukana dala. Kwa amene saona: "Dzitchuleni dzina ndi ntchito yanu musanawagwire. Ndodo yawo musaisiye." Kwa oyenda pa njinga ya aulumali, nenani ngati angathe kuima pang'ono kapena ayi, ngati njingayo ndi ya batire ndi yolemera, komanso ngati pakufunika anthu oposa awiri kuti awanyamule. Kulemera kwa thupi kulembeni moona, ngakhale mwiniwake akuchita nako manyazi, chifukwa ndi kumene kumauza wolandira foni kuti atumize anthu angati.

Munthu wa otizimu (vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhulana ndi kukhala ndi anthu ena) kapena wa vuto la nzeru amatha kuthawa, kubisala kapena kulimbana akamva sairini kapena akagwidwa mwadzidzidzi. Lembani chimene chimamuopsa, chimene chimamukhazika mtima pansi, dzina limene amavomera, ndi malo amene amabisala m'nyumbamo.

Ngati munthuyo sangalankhule pafoni, mukonzereni njira ya meseji lero lomwe. Ku United Kingdom amatumiza mawu akuti register ku 999, n'kuyankha yes pa meseji imene ibwere, ndipo kuyambira mu 2022 kulinso 999 BSL ya olankhula chinenero chamanja kudzera pa vidiyo. Ku New Zealand njira ya 111 TXT nayonso imafuna kulembetsa kaye. Ku United States kutumiza meseji ku 911 sikufuna kulembetsa, koma si madera onse amene amalandira, ndipo kumene salandira foni imabweza uthenga wonena zimenezo.

7. Ngati amatha kuchoka panyumba n'kusochera

Ikani chithunzi chatsopano, msinkhu, zipsera, ndi kayendedwe kawo. Koma chothandiza kwambiri ndi mndandanda wa malo akale. Munthu wa matenda oiwalaiwala akatuluka nthawi zambiri amakhala ali ndi kumene akupita m'mutu mwake: kuntchito kumene anapuma zaka 30 zapitazo, kusukulu kukatenga ana amene panopa ali ndi imvi, kunyumba kumene anakulira. Fomu ya Herbert Protocol inatenga dzina la George Herbert, msilikali wakale amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Normandy, m'dziko la France. Iye anali ndi matendawa, ndipo anamwalira atasowa akufunafuna nyumba ya ubwana wake. Fomuyi banja limadzaza n'kusunga, kenako limapereka kwa apolisi munthu akangosowa.

Lembani maadiresi akalewo onse, ngakhale nyumbazo zinagumulidwa. Lembaninso kumene anapezeka ulendo watha. Ngati pafupi pali mtsinje, dziwe kapena damu, litchuleni, makamaka kwa ana a otizimu amene ambiri amakopeka ndi madzi.

8. Sankhani anthu oti aimbiridwe

Woyamba akhale amene angafike pakhomo msanga, ngakhale si wachibale. Mwana woyamba kubadwa amene ali kutsidya kwa nyanja akhoza kukhala wachiwiri. Pa dzina lililonse lembani ubale wake, ndi ngati ali ndi kiyi. Auzeni kuti mwawalemba, apo ayi adzaona nambala yachilendo 2 koloko usiku n'kuisiya ikulira.

9. Sungani mbiri yomweyo papepala ndi m'foni

Makompyuta amatha kuvuta, woimba akhoza kukhala mnansi amene nambala yake simunalembetse, ndipo kwina kaundula kulibe n'komwe. Choncho lembani mfundo zikuluzikulu pa tsamba limodzi, ndi zilembo zazikulu, muikepo deti, mupinde n'kuika m'kabotolo m'chitseko cha firiji. Njirayi ndi yodziwika: ku United Kingdom mabungwe othandiza anthu otchedwa Lions amagawa timabotolo totere pa dzina lakuti Message in a Bottle, ku Germany amati Notfalldose, ndipo ku United States kuli File of Life, kathumba kofiira komata ndi maginito kunja kwa firiji. Anasankha firiji chifukwa mlendo aliyense amaipeza mosavuta m'nyumba ya eni. Kumene kulibe firiji, khomani envelopu mkati mwa chitseko cholowera.

Matani chizindikiro chimodzi pa firiji ndi china kuseri kwa chitseko cholowera, mbali ya mkati.

Chenjezo: chizindikirocho musamate kunja. Mukatero mwalengeza kwa aliyense wodutsa kuti m'nyumbamo muli munthu wofooka.

Kenako tengani foni yawo. Pa iPhone tsegulani Health, mupeze Medical ID, mudzaze, ndipo muyatse Show When Locked kuti izioneka foni ili yokiya. Pa mafoni ambiri a Android zili mu Settings, pa Safety & emergency. Mukamaliza kiyani foniyo muyese kuiona mbiriyo ngati mlendo wosadziwa nambala yachinsinsi.

10. Yesani, ndipo ikani tsiku lokonzanso

Perekani pepalalo kwa munthu amene sanafikepo panyumbapo, mumupatse mphindi imodzi, mulandenso, mumufunse kuti alowera pati ndipo chimene chingaphe munthuyu msanga n'chiyani. Akakanika kuyankha, fupikitsani ndi kusuntha zofunikazo zipite pamwamba. Ngati mukufuna kutsimikiza kuti mbiri ikutulukadi kwa olandira mafoni, pemphani kudzera pa nambala yawo wamba kuti akuuzeni ngati amalola kuyesa ndi nthawi yake.

Smart911 imakumbutsa pa miyezi 6 iliyonse kuti mutsimikize mbiri, ndipo mukanyalanyaza imaleka kuoneka. Mafomu apapepala nawonso ambiri ali ndi nthawi yothera. Lembani tsikulo pa kalendala. Kupatula apo, konzani mbiri nthawi iliyonse akatuluka m'chipatala, akasinthidwa mankhwala, akasamuka, akasintha nambala, kapena mukasintha manambala a kabokosi ka makiyi.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Chachikulu ndi kuganiza kuti mbiri ilankhula m'malo mwanu. Wolandira foni adzafunsabe kuti muli kuti ndipo chachitika n'chiyani, chifukwa fomu imanena za nyumba pamene munthu akhoza kugwera kumsika kapena kwa mwana wake. Muwaphunzitse agogo kuti akaimba ayambe kunena pamene ali, ndipo asadule foni mpaka atauzidwa. Ena amakwiya kuti "zonse ndinalemba kale, mukufunsiranji," n'kutaya mphindi pokangana.

China ndi kulembetsa ndi imelo ya mdzukulu amene pambuyo pake waiwala mawu achinsinsi kapena wasamuka. Uthenga wokumbutsa umapita kwa iye, palibe amene amauona, mbiri n'kuzima mwakachetechete. Anthu awiri a m'banjamo adziwe kalowedwe kake.

Kukonza pakompyuta n'kuiwala pepala la m'firiji nakonso kumachitika kwambiri, ndipo mapeto ake a ambulansi amapeza mindandanda iwiri ya mankhwala yotsutsana. Mukasintha kumodzi sinthani konse tsiku lomwelo, pepala lakale mung'ambe.

Palinso kubisa. Mabanja amasiya kulemba za matenda a maganizo, kumwa mowa mwauchidakwa, kapena zoti bambo akasokonezeka amamenya, poopa kuchititsa manyazi banja. Koma wapolisi amene wauzidwa kuti munthuyu akudwala ndipo amadekha akamulankhula motsitsa mawu amalowa mosiyana ndi amene wangokumana ndi mkulu atanyamula ndodo. Mwiniwake akalola, lembani, ndipo lembani mwaulemu: chimene chimachitika, ndi chimene chimathandiza.

Ena amalemba mawu achidule a kuchipatala amene iwo eni sawamvetsa, n'kuphonya chilembo chimodzi. Ngati simukudziwa tanthauzo lake, funsani namwino kapena wogulitsa mankhwala musanalembe.

Chomaliza chimaoneka chaching'ono: kulembera munthu mmodzi yekha m'nyumba ya anthu awiri okalamba. Nthawi zambiri amalembedwa wodwalayo, wosamalirayo n'kusiyidwa poti ndi wamphamvu. Tsiku limene wosamalirayo wakomoka, ambulansi imamutenga, chitseko n'kutsekedwa, ndipo m'chipinda chamkati mwatsala munthu amene sangadzuke yekha pabedi. Pa mbiri ya wosamalirayo lembani mzere umodzi pamwamba: "M'nyumba muno muli munthu wina amene amadalira ine ndipo sangatsale yekha. Imbirani uyu," kenako dzina ndi nambala.